Marnie Anaima Pakati pa Chumuni

Ndikulembera inu amene kale munali patsogolo pa anzanu, koma lero muli kumbuyo kwa onse. Sindine munthu wodziwa kutonthoza. Ndinaphunzitsa masamu kusekondale ya kuno ku Ferrin mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo chimene ndimatha ndi kufotokoza zinthu mmene zinayendera. Ndiye ndikufotokozerani za Marnie Lahti.

M'nyengo yachisanu imene nkhaniyi ikuyambira, Marnie ankatsuka mbale kukhitchini ya nyumba yodyeramo ya m'tsinde mwa phiri lathu. Ankagwira ntchitoyo atakhala pa kireti, chifukwa mwendo wake wakumanzere unali m'zitsulo kuyambira m'ntchafu mpaka kumunsi kwa bondo, ndipo sunkamulola kuimirira nthawi yaitali. Pamwamba pa sinki panali kawindo. Pa kawindopo pankaoneka Chumuni, njira yotsetsereka kwambiri pa njira zonse za m'phiri muno zimene anthu amatsikamo pa matabwa, akutsetsereka pa chipale chofewa, yopanikizika pakati pa matanthwe awiri. Marnie anamatapo katoni.

Tsiku lina masana, Dell Harkness, mnzake wa kuyambira kusukulu ya mkaka, anasuzumira pakhomo la khitchini, chipale chikumusungunukira pamapewa.

"Mfumukazi ilimo muno? Eee, ndiye mwapeza mpando wachifumu weniweni."

"Choka iwe, ukundinyowetsera pansi."

"Pamwamba lero chipale chili ngati ufa wokhawokha, aise. Ukanangoona."

"Ndati choka."

Dell anachoka akuimba mluzu. Sanali munthu woipa, koma pakamwa pake pankathamanga kuposa nzeru zake. Marnie anapitiriza kukwecha poto amene anali atayera kale.

Kuno munthu amayezedwa ndi phiri, ndipo miyezo yake ana amaidziwa asanadziwe kuwerenga. Wotsika njira za chizindikiro chobiriwira ndi mwana kapena mlendo. Wa njira za buluu ndi munthu wamba. Wa njira zakuda ndiye amayankhula mokweza kumowa. Koma achinyamata ali ndi muyezo wina wawowawo, wa zopanira, zitsulo zija zimene zimagwira nsapato pa thabwa lotsetserekera. Zopanira anazipanga kuti munthu akagwa zizimasuka, thabwa lipite kwake, mwendo upulumuke. Wophunzira amamumangira mofooka kuti zisachedwe kumasuka. Wothamanga kwambiri amamumangira molimbirapo kuti thabwa lisamuthawe ali pa liwiro. Pa chopanira chilichonse pali kanambala kosonyeza kulimba kwake, ndipo ana athu anasandutsa kanambalako ulemerero. Akakhala pamzere kudikira mipando yokwezera anthu kuphiri, maso awo amakhala pansi, pamapazi a anzawo.

Marnie ndiye anali wothamanga kuposa onse. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ake, a Eino Lahti, anagwira ntchito mu mgodi wa siliva mpaka unatsekedwa, natulukamo ndi fumbi m'mapapo. Matabwa oyamba a mwanayo anali otola, osiyana kutalika, koma pofika kusekondale palibe amene ankamuona kumaso pa mpikisano, onse ankangomuona msana. Timu ina yaikulu ya ku Colorado inali itamuitana.

Wa m'sitolo yogulitsa matabwa otsetserekera anamumangira zopanira moyenera thupi lake. Iye atafika kunyumba anatenga sikuludiraiva ya bambo ake n'kuzipotokola mpaka pamapeto. Anatero chifukwa anzake onse ankatero. Anateronso chifukwa mwana wa munthu wosauka akapeza chinthu chimodzi chimene anthu amamulemekezera, safuna kuti chichoke kuphazi kwake.

Anagwa pa Chumuni, kugwa wamba kumene aliyense amadzuka n'kudzisasa. Thabwa lakumanzere linazika mu mtumbira wa chipale, thupi linatembenuka, chopanira sichinamasuke. Chimene chinamasuka ndi bondo. Dokotala atamaliza kulisoka anamuuza kuti adzayenda, mwina adzatsetserekanso, koma za mipikisano aiwale. A ku Colorado aja anatumiza maluwa.

Kunyumba nako zinthu zinkaipiraipira. A Eino anali atayamba kukoka mpweya wa m'botolo. Ntchito ya mbale inkatha chipale chikasungunuka, ndipo inalibe thandizo lililonse la kuchipatala. Azakhali ake a Marnie ankaimba foni kuchokera ku Spokane kuti nyumba igulitsidwe, mkuluyo akaikidwe kosungirako okalamba, mtsikanayo akapeze ntchito mumzinda. Sikuti anali ankhanza. Ankanena zoona.

Ine ndinkapita kwa a Eino kukasewera nawo makadi Lamlungu masana, ndiye mawu awo ndinawamva ndi makutu anga.

"Misomali ya nyumba ino ndinakhoma ndekha. Wofuna kundichotsa muno abwere ndi bokosi."

"Ababa, musamayankhule choncho," anatero Marnie.

"Ndiziyankhula bwanji? Gawani makadiwo, aphunzitsi, musandiyang'ane ngati ndafa kale."

Chitsekereni mgodi, ntchito yokhalitsa chaka chonse ku Ferrin kuno ndi ya opulumutsa a m'phiri, amajekete ofiira aja. M'chisanu amatsitsa ovulala pa chileyi chokoka pa chipale, m'nyengo yotentha amakonza njira ndi kudula mitengo yakugwa. Marnie akanaipeza ntchito imeneyo, bambo ake akanatsala m'nyumba yawo. Akanailephera, onse awiri akanasamuka.

Chisanu chotsatira chitayamba, zitsulo zitachoka kumwendo, anapita kukaonana ndi mkulu wa opulumutsawo, a Ansel Rudnick, munthu wamfupi, wa nkhope yowauka ndi mphepo, amene sankataya mawu pachabe.

"Bambo Rudnick, ndikufuna mundiyese."

"Ndiwe wa muyezo uti?"

Marnie anaseka pang'ono. "Inu simukundidziwa? Zikho zanga zadzaza kabati ya m'holo muja."

"Zikho ndikuzidziwa. Ndikufunsa iweyo."

"Katswiri."

"Chabwino. Tiye ku Dambo."

Dambo ndi kanjira ka ana, kotsetsereka pang'ono zedi moti mpira ukhoza kuimapo osagubuduka. Atafika, a Rudnick anavula matabwa awo n'kuwasenza paphewa.

"Ine nditsika wapansi mpaka pamtengo uwo. Iwe uzikhotera uku ndi uku, osaima, koma usandipitirire. Ukandipitirira walephera."

Marnie anawapitirira asanafike ndi pakati pomwe. Anabwerera, nayesanso. Ulendo uno anadzigwira, koma liwiro litangochepa thupi lake linayamba kupendekeka, manja akupalasa m'malere, mapewa akukhota miyendo isanakhote. Anagwa cham'mbali, pamaso pa tiana ta zipewa zamakutu a chimbalangondo.

"Ndi bondoli," anatero ali pansi.

"Ayi, si bondo. Unali choncho kuyambira kale. Njinga yothamanga siigwa, ngakhale woipalasa ataledzera. Iwe, mwana wa Lahti, sunaphunzire kutsetsereka. Unaphunzira kusaopa. Osaopa ine sindiwafuna, ndawatsitsa ambiri m'phiri muno atafunditsidwa kumaso."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Pita kusitolo akakumasulire zopanira ngati za wophunzira. Uzikhala kuno ku Dambo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka matabwa atasiya kukuthawa."

Amene simunakulire kuno mukhoza kuganiza kuti chinali chinthu chaching'ono. Wa m'sitolo anamufunsa kawiri ngati wamva bwino. Pamzere wa mipando, maso aja oyang'ana pansi anaona kanambala ka Marnie Lahti, ndipo dzuwa lisanalowe tauni yonse inali itadziwa.

Mkazi wanga Ilse atamwalira, m'nyumba munkakhala zii kwambiri m'mamawa, ndiye ndinazolowera kupita ku Dambo mipando ikangoyamba kuyenda. Kumeneko ndi kumene ndinkamuona, asanapite kukayamba mbale zake.

Zopanira zofooka ndi mphunzitsi wopanda chisoni. Marnie akangokhota mwaukali, mmene anazolowerera, thabwa linkachoka n'kumapita lokha kumunsi. Iye ankatsika wapansi, akutsimphina, kukalitola. Ankalivala, n'kukhotanso, n'kulitolanso. Masiku oyambirira ankatukwana. Kenako anasiya kutukwana, nayamba kumvetsera pansi pa mapazi ake, kufunafuna poima pamene thabwa limakhota lokha popanda kulikakamiza.

Anaphunziranso kukumanitsa mitu ya matabwa kutsogolo, mmene amaphunzitsira ana aang'ono, kuti munthu atsike akudzibweza. Ana amauzidwa kuti apange chidutswa cha pitsa. Wokoka chileyi amadalira kaimidwe kameneka kuposa kalikonse, koma Marnie anali asanakagwiritsepo ntchito chiyambire, chifukwa ali mwana anadumpha phunzirolo. Dell ankadutsa pamwamba pa mpando ndi anzake, miyendo ili lendelende.

"Mayi Pitsa! Mayi Pitsa! Yanga muikemo tchizi wambiri!"

Iye osayang'ana kumwamba.

M'mawa wina tinakwera mpando umodzi. Titafika pakati anandifunsa.

"Aphunzitsi, munthu wamkulu kumaphunzira za ana chonchi, si zamanyazi?"

"Zamanyazi ndithu."

"Ine ndimayesa munditonthoza."

"Wasankha munthu wolakwika."

Anaseka, ndipo kanali koyamba kumumva akuseka chivulalireni. Tili pafupi kutsika ndinangomuuza chimene ndinaona m'kalasi zaka zonse zija, kuti ana amene ankakanika masamu ovuta, kawirikawiri vuto lawo silinali pa masamu ovutawo. Linali kumbuyo, pa kuchulukitsa ndi kugawa, pamene anadutsa mothamanga chifukwa anali ochenjera.

Chisanu chimenecho chikupita kumapeto, a Rudnick anamulola kuyesedwa. Mayeso oyamba amakhala otsitsa chileyi chonyamula matumba a mchenga. Woyesedwa amaima kutsogolo, pakati pa zigwiriro ziwiri zazitali, ndipo pansi pa mphuno ya chileyicho pamakhala unyolo umene akaugwetsa umakanda chipale ngati buleki. Marnie anatsika bwino njira za buluu. Atalowa m'mitumbira ya pansi pa mipando, anthu a pamwamba anamuzindikira nayamba kukuwa dzina lake. Njala yakale yofuna kutamandidwa inadzuka. Anakweza unyolo, nalola chileyi kuthamanga. Pa mtumbira wina chinadumpha, chinagadabuka, matumba n'kumwazikana.

A Rudnick anafika pang'onopang'ono, naima pakati pa matumbawo.

"Wandiphera odwala onse. Uyu apa anali ndi mkazi ndi ana."

Anthu anaseka. Marnie sanaseke.

"Chaka chamawa," anatero mkuluyo.

Dell anayesedwa sabata yomweyo, nakhoza, navala jekete lofiira.

Azakhali aja anabwera okha pa galimoto. Anaona botolo la mpweya, anaona mlongo wawo akupumira m'mwamba atangoyenda kuchokera kuchipinda kufika pa tebulo, ndipo analira. Anagwirizana zoti Marnie apatsidwe chisanu chimodzi chokha. Akalepheranso, nyumba igulitsidwe. A Eino anangoyang'ana khoma.

M'nyengo yotentha Marnie ankagwira ntchito iliyonse imene yapezeka, kuwaza nkhuni, kupenta mipanda, kuchapa zofunda kumalo ogona alendo. Madzulo ankadzaza chikwama ndi miyala ya pa chulu cha zinyalala za mgodi, n'kukwera nacho phiri, n'kutsika nacho chobwerera m'mbuyo, mmene anamuuzira a kuchipatala. Bondo linkatupa. Ankalikulunga ndi paketi ya nandolo zoundana za m'firiji, mawa n'kukweranso.

Chipale chitabweranso, anali munthu wina. Ankatha kutsika kumbuyo kwa munthu woyenda pansi osamupitirira. Ankatha kutsika cham'mbali pa malo otsetsereka, n'kuima pamene wauzidwa, osati patsogolo pake. Ankatha kukhota ndi mwendo umodzi, wina ataukweza. Womuyang'ana sakanasangalala kwenikweni, chifukwa panalibe chodabwitsa chilichonse, chipale sichinkauluka, mapewa ali phee ngati wanyamula beseni la madzi. Matumba a mchenga anawafikitsa pansi onse ali amoyo. Anatsala mayeso otsiriza.

Mayeso otsiriza ali ndi mwambo wake kuno. M'chileyi simuikidwa matumba. Amagonamo ndi a Rudnick eni ake, atakulungidwa m'bulangete, atamangidwa malamba, manja ali m'kati, chipewa chitaphimba kumaso. Amati maso amanyengeka, koma msana sunyengeka. Akatero amatsitsidwa pa Chumuni.

Panalinso mwambo wina umene sunatuluke pakamwa pa munthu aliyense. Kumbuyo kwa chileyi kumakhala chingwe. Pa ngozi yeniyeni, malo akakhala oopsa, munthu wachiwiri amagwira chingwecho kuti chileyi chisapotoloke kapena kuthawa. Koma pa tsiku la mayeso, mwa onse amene anakhoza, panalibe anapemphapo chingwe. Choncho aliyense ankadziwa kuti wopempha chingwe walephera. Ndikuti ankadziwa, ngakhale panalibe amene anafunsapo.

Tsiku loti mawa lake Marnie ayesedwa kunagwa mvula, kenako kunazizira mwadzidzidzi. Pofika m'mawa phiri lonse linali litauma gwa, likunyezimira ngati galasi. Ife okalamba tinasonkhana pansi ndi makapu a khofi, tikuyang'ana kumwamba. A Eino sakanatha kubwera. Anakhala pawindo la kunyumba kwawo, pamene Chumuni imaonekera patali ngati kamzere koyera. Mawu amene anayankhulidwa pamwambapo ndinawamva kwa Dell pambuyo pake.

Akumanga a Rudnick malamba, Dell ananong'oneza Marnie.

"Mayi Pitsa, lero usatiphere mdalayu. Tilibe wina."

"Tseka pakamwa."

"Ndikunena zoona, aise. Pakhosi paja ndi galasi lenileni."

Pakhosi ndi pamene matanthwe awiri aja amayandikana, njira n'kuchepa moti chileyi chimadutsa chopanikizika. Marnie analowa pakati pa zigwiriro, nagwetsa unyolo, nayamba kutsika cham'mbali. Amajekete ofiira ankamutsatira m'mphepete. Ngakhale pansi pomwe tinkamva kukwecheka kwa matabwa ake pa chipale cholimbacho.

Chigawo chapamwamba anatsika bwino, pang'onopang'ono. Atayandikira pakhosi, unyolo unasiya kuluma, unkangotsetsereka pamwamba. Kumbuyo kwa chileyi kunayamba kupendekera kumbali, kufuna kupitirira mutu. Kulemera konse kwa chileyi ndi munthu wogonamo kunatsamira pa mwendo wakumunsi, ndipo mwendo wakumunsi unali wakumanzere. Bondo linayamba kunjenjemera.

Njira yotulukira ankaidziwa. Kukweza unyolo, kuloza matabwa pansi, kulola liwiro liwongole chileyi, kudutsa pakhosipo ngati mphezi n'kukaima kumunsi kumene njira imatambasuka. Thupi lake linkaidziwa njira imeneyo kuposa dzina lake. Ndikukhulupirira kuti akanadutsa. Mwa maulendo ambiri otere, ochuluka amadutsa. Ndipo kuseri kwa pakhosipo kunali jekete, kunali nyumba ya bambo ake.

Anazika m'mphepete mwa matabwa ake mu chipalecho ndi mphamvu zake zonse, naima.

Pansi tinaona kadontho kakuda kataima pakati pa Chumuni. Wina pambali panga anati, "Basi, zatha."

"Bambo Rudnick," anatero Marnie, mpweya ukumuthera. "Bondo langa silipirira. Pakufunika munthu wa chingwe."

Pansi pa chipewa panatuluka mawu osatekeseka.

"Ukuuza ine? Ine ndine wovulala. Ndathyoka msana, sindikudziwa kanthu."

Marnie anatseka maso kamphindi. M'maganizo mwake anaona makatoni a katundu pakhonde, anaona galimoto ya azakhali ake. Kenako anakweza mutu, nakuwa kuti onse amve.

"Dell! Chingwe!"

Amajekete ofiira anayang'anizana. Dell sananene nthabwala iliyonse. Anatsika cham'mbali mpaka kumbuyo kwa chileyi, namasula chingwe, nachikulunga m'manja, nazika matabwa ake.

"Ndakugwira, Mfumukazi. Tiye, usathamange."

"Ukandisiya ndikupha."

"Ndikakusiya tifa tonse atatu. Yenda."

Anadutsa pakhosipo ngati anthu onyamula mazira, Marnie akutchula pomwe akuponda, Dell akumasula chingwe pang'onopang'ono. Zinatenga nthawi yaitali moti khofi wathu anazizira m'manja.

Atafika pansi, Marnie anagwada, namasula malamba onse, nachotsa bulangete n'kulipinda bwinobwino. Nkhope yake inali yotuwa, koma sanalire.

"Zikomo pondiyesa, Bambo Rudnick," anatero, natembenuka kuti azipita.

Mkuluyo anadzuka, nakhala tsonga m'chileyimo akudzisisita m'chiuno.

"Ukupita kuti? Chileyichi chibwerera chokha kumwamba?"

"Ndalephera. Ndinaitana chingwe."

"Ndinamva. Anakuuza ndani kuti chingwe n'choletsedwa?"

Marnie anayang'ana amajekete ofiira aja. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Zaka zonsezi ndimagona umu ndikupemphera kuti tsiku lina wina adzaitane," anatero a Rudnick. "Awa ukuwaonawa anandidutsitsa pakhosi paja mtima uli m'kamwa. Ndinawalemba ntchito chifukwa sindinafe, komanso kunalibe ena. Uyu," analoza Dell, "anandigunditsa thanthwe. Mpaka lero phewa silikwera."

"Madala, linali thanthwe laling'ono," anatero Dell.

"Khala chete, iwe." Anatembenukiranso kwa Marnie. "Tsiku lija ndinakufunsa muyezo wako, unandiyankha za zikho. Lero wandiyankha bwino. Unadziwa pamene mphamvu zako zithere usanafikepo, ndipo unanena mokweza, anthu akumva, ukudziwa chimene ukutaya. Amene ndingamupatse mwana wanga atathyoka ndi ameneyo. Pita ukayese jekete. Laling'ono lili kuseri kwa chitseko, ngati mbewa zalisiya."

Marnie anaima pomwepo ngati sanamve. Dell anamukankha paphewa.

"Pitatu, Mayi Pitsa, asanasinthe maganizo."

Madzulo ake ndinamuperekeza kunyumba, chifukwa bondo linali litatupa moti sakanatha kuyendetsa galimoto. A Eino anali akadali pawindo paja, kachubu ka mpweya kali m'mphuno.

"Ndinakuona utaima," anatero osatembenuka. "Ndinati basi, tiyambe kumanga katundu."

Marnie anaika jekete pa tebulo. Mkuluyo analiyang'ana, naligwira pa mkono ndi zala ziwiri, ngati akuyesa nsalu pamsika.

"Zofiira sizikukhala iwe."

"Ndikudziwa, ababa."

"Imbira azakhali ako. Uwauze mwaulemu, anatifunira zabwino."

Atatero anatembenukiranso kuwindo, ngakhale kunja kunalibenso choona. Ine ndinatuluka kukawatengera nkhuni.

A Eino Lahti sanapite ku Spokane. Anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku limene mapapo anakana, ndipo anamwalirira pabedi lawo, mwana wawo ali pambali, atangofika kumene kuchokera kuphiri. Marnie akadali pa ntchito ija. Satsika mothamanga, ndipo alendo amene amamuona akudutsa sadziwa kuti akuona ndani. A Rudnick atapuma, anzake anasankha iyeyo kuti aziyesa atsopano.

Tsopano ndibwerere kwa inu. Sindikudziwa chimene chinakuthyokerani, kaya ndi ntchito, kaya ndi sukulu, kaya ndi thanzi, kaya ndi munthu amene munkadya naye. Sindikulonjezani kuti mudzabwerera pamene munali. Marnie sanabwerereko, ndipo inenso m'nyumba mwanga mukadali zii. Chimene ndinganene ndi chimene ndinaona ndi maso. Munthu akhoza kuyambiranso pansi penipeni, pakati pa ana, anthu akumuseka, ndipo manyaziwo sapha. Akhoza kulephera kachiwiri n'kudzukabe m'mawa. Ndipo tsiku limene katundu adzakulemereni pamalo otsetsereka, kuima n'kuitana mnzanu si kugonja.

Ngati lero muli pansi, khalani kaye mpaka mpweya ubwerere. Mukatero dzukani, muyambire pamene mungathe, ngakhale pakhale pochepa bwanji. Zambiri zidzakugwani m'manja panjira, ndipo zambiri zimatoleka. Mtima wokha musautaye.